Claim ya wodwala amene wamwa mavitamini mopyola muyeso ikamabwerera: poyang'ana pake

Ife olemba mabilu m'makiliniki olipira kuno ku Zomba tili ndi claim (fomu yopempha kuti atilipire bilu ya wodwala) ina imene imakonda kubwerera kuchokera ku medical aid: ya munthu amene wadwala chifukwa chomwa mavitamini mopyola muyeso. Siibwera tsiku ndi tsiku ngati ya malungo kapena ya BP, choncho ikabwera kalaliki amathamangira pa intaneti, n'kutola nambala ya matenda (code) yoyamba imene wakumana nayo, F55.4, n'kutumiza. Pakapita masabata fomu ija yabwerera, ndalama ya kiliniki yakodwa, wodwala akuimbiridwa foni kuti adzalipire za m'thumba.

Nthawi zambiri vuto silikhala kompyuta, silikhalanso nkhanza za a medical aid. Mawu akuti "wamwa mavitamini ambiri" amaphimba nkhani zinayi zosiyana, ndipo buku la ICD-10, limene limapereka nambala ku matenda alionse, linaziika m'mitu yosiyananso. Amene amasankha nkhani ndi dokotala, kudzera m'zimene walemba m'fayilo. Kalaliki ntchito yake n'kupeza nambala yogwirizana ndi zolembedwazo, osati kuyezanso wodwala ali pa desiki la mabilu.

Choyamba: chinachitika n'chiyani kwenikweni?

Nkhani yoyamba ndi ya chizolowezi. Munthu wakhala akumwa mavitamini kwa nthawi yaitali popanda womulembera, thupi silikuwasowa, wauzidwa kuti asiye koma akupitiriza, mwina akuzungulira m'mafamase a m'tauni kapena kupempha jakisoni wa B-complex mwezi uliwonse ati "awonjezere mphamvu". Imeneyi ndiyo F55, kugwiritsa ntchito molakwika mankhwala amene sayambitsa chibaba. Buku la World Health Organization (WHO) limaika pamenepa mavitamini, mankhwala a chilungulira, otsegula m'mimba munthu akadzimbidwa, ma steroid ndi mankhwala azitsamba. Chosiyanitsa gulu limeneli ndi mowa kapena chamba, zimene zili pa F10 mpaka F19, n'chakuti munthu akasiya sanjenjemera, thupi silivutika ndi kusiyako. Koma kumuletsa amakana ndithu. Ngati m'fayilo mulibe mawu osonyeza chizolowezi chotere, F55 musaigwire.

Yachiwiri ndi ya matenda amene vitamini wayambitsa atadzikundikira m'thupi pang'onopang'ono. Awa ali pa E67. Vitamini A akachuluka ndi E67.0, vitamini B6 ndi E67.2, vitamini D ndi E67.3. Mavitamini A ndi D amasungika m'chiwindi ndi m'mafuta a thupi, satuluka ndi mkodzo msanga, n'chifukwa chake amavulaza mwakachetechete. A wochuluka amapweteketsa mutu ndi mafupa, amaumitsa khungu, amathothola tsitsi, amawononga chiwindi, ndipo kwa mayi woyembekezera amatha kulemaza mwana ali m'mimba. D wochuluka amakweza calcium m'magazi: ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kudzimbidwa, nseru, kusokonezeka mutu, miyala mu impso. B6 wochuluka amawononga mitsempha, munthu n'kumamva dzanzi ndi kubayabaya m'mapazi ndi m'manja.

Palinso E67.1, imene timaiona kwambiri m'nyengo ya mango. Mwana wadya mango, mapapaya, maungu kapena mbatata yofiira m'kati mochuluka, zikhatho ndi zidendene zasanduka zachikasu, mayi athamanga naye poganiza kuti ndi matenda a chikasu. Dokotala akayang'ana m'maso muli moyera. Palibe choopsa, palibe chizolowezi choipa, ndipo si R17 ya chikasu chenicheni. Amene amaika F55 pa mwana wotereyu amakhala atamulembera mlandu wakudya mango.

Yachitatu ndi ya poizoni wa nthawi imodzi. Mwana wapeza botolo la mavitamini otsekemera aja n'kulimaliza, kapena wamkulu wameza mapiritsi ochuluka nthawi imodzi. Iyi ndi T45.2, ndipo simayenda yokha: imafuna ina yonena mmene zinachitikira. X44 ngati inali ngozi, X64 ngati munthuyo anafuna kudzivulaza, Y14 ngati dokotala walemba kuti cholinga sichikudziwika. Mzere wosiyanitsa E67 ndi T45.2 ndi nthawi: kumwa mopitirira kwa miyezi kumapita ku E67, kumeza zambiri mwadzidzidzi kumapita ku T45.2.

Yachinayi ndi imene anthu amaiwala kwambiri. Mankhwala anali oyenera, mlingo unali woyenera, wodwala anamwa monga anauzidwira, koma thupi lachita zina. Ana a miyezi 6 mpaka 11 amalandira kapisozi wa vitamini A wa 100,000 IU (IU ndi muyeso wa mphamvu ya vitamini), a miyezi 12 mpaka 59 amalandira wa 200,000 IU, pa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Ena mwa anawa amasanza, amatsegula m'mimba kapena liwombo limatukuka kwa tsiku limodzi kapena awiri, kenako zimatha. Pamenepa palibe amene walakwa. Lembani chimene mwanayo wabwera nacho, mwachitsanzo R11 ya kusanza, kenako Y57.7 kusonyeza kuti chayambitsa ndi vitamini woperekedwa moyenera. T45.2 pano ingatanthauze kuti wazaumoyo anamupatsa mwana poizoni, zimene si zoona.

Akabweza kuti code imeneyi kulibe

Apa m'pamene intaneti imatipusitsa. Mabuku a ICD-10 alipo oposa limodzi. Pali la World Health Organization, limene linavomerezedwa mu 1990 n'kuyamba kugwira ntchito m'mayiko mu 1994. Pali la ku America lotchedwa ICD-10-CM, limene anayamba kuligwiritsa ntchito pa mabilu awo pa 1 October 2015. Masamba ambiri amene amatuluka koyamba mukafufuza ndi a ku America, chifukwa kumeneko nkhani ya mabilu a chipatala ndi malonda aakulu.

M'ndandanda waukulu wa buku la WHO, F55 ili yokha, ilibe nambala pambuyo pa kadontho. M'buku la ku America, F55 yokha sikwanira, amafuna F55.4 ya mavitamini. Ndiye mukatumiza F55.4 ku kompyuta imene inadzazidwa ndi ndandanda wa WHO, ingathe kukukanirani kuti nambalayo siikuidziwa. Mukatumiza F55 ku kompyuta ya ndandanda wa ku America, ikuuzani kuti nambala ndi yoperewera. Pa poizoni kusiyanako kumaonekera patali: WHO imati T45.2 ndi X44, a ku America amaphatikiza zonse m'nambala imodzi yaitali, T45.2X1A. Mukaona code ya zilembo zisanu ndi ziwiri chotere, dziwani kuti mwatola ya kwa eni ake.

Chosokoneza china n'chakuti WHO ili ndi buku lapadera la matenda a maganizo limene madokotala a nthambi imeneyo amaphunzira, ndipo mmenemo F55 inagawidwa. Mwamwayi F55.4 ndi mavitamini m'mabuku onse awiri. Koma zinzake sizigwirizana: F55.1 m'buku la WHO ndi mankhwala otsegula m'mimba, pamene ku America ndi mankhwala azitsamba; F55.3 kuno ndi mankhwala a chilungulira, uko ndi ma steroid. Mnyamata wa ku jimu amene amasakaniza mavitamini ndi ma steroid mungamulembe kuti vuto lake ndi mankhwala a chilungulira osadziwa.

Chothandiza ndi chimodzi chokha: imbani ku medical aid iliyonse imene mumatumizako ma claim, afunseni kuti kompyuta yawo ili ndi ndandanda uti, muwapemphe akutumizireni yankho lolembedwa, mulimate pakhoma pafupi ndi desiki. Za ICD-11, yolowa m'malo mwa ICD-10, imene inayamba mwalamulo pa 1 January 2022, musazitengere phuma. Ma code ake ndi ena kotheratu, ndipo simuwagwiritsa ntchito mpaka amene mumawatumizira mabilu atakuuzani kuti asamukira kumeneko.

Akabweza kuti code yoyamba siyenera kukhala yoyamba

Ma code amene amayamba ndi chilembo cha X kapena Y amafotokoza chimene chinayambitsa, sayima kutsogolo. Fomu imene yayamba ndi X44 kapena Y57.7 imabwerera isanawerengedwe n'komwe.

F55 nayo, ngakhale imaloledwa kukhala yoyamba, kawirikawiri siyenera kutero. Lamulo la WHO ndi lakuti patsogolo pamakhala vuto limene lachititsa kuti wodwala afune chithandizo pa ulendo umenewo, ndipo akakhala angapo, limene ladya zipangizo zambiri. Munthu amene wagonekedwa masiku atatu, wamangidwa madiripu chifukwa calcium wakwera, sanagonekedwe chifukwa cha chizolowezi. Wagonekedwa chifukwa cha E67.3. Chizolowezicho, ngati dokotala wachilemba, chibwere pambuyo. F55 imayenera kutsogola pa ulendo umene wodwala wabwera kudzakambirana za kusiya, popanda matenda ena amene akuthandizidwa tsiku limenelo.

Dziwaninso kuti buku la WHO, pa mutu wa poizoni wa mankhwala, T36 mpaka T50, linalemba kuti nkhani ya chizolowezi ipite ku F55. Mukaika T45.2 ndi F55 pa fomu imodzi, yembekezerani funso, ndipo fayilo ikhale ndi yankho lake: kuti munthuyu ali ndi chizolowezi chakalekale, komanso tsiku lakutilakuti anameza ochuluka nthawi imodzi.

Botolo linalembedwa kuti mavitamini, koma T45.2 si yake

Amayi oyembekezera amalandira ku sikelo mapiritsi owonjezera magazi, ndipo kunyumba aliyense amangowatchula kuti mavitamini. Mwana wamng'ono akawameza, chimene chimamuika pangozi ndi iron, ndipo iron ili ndi malo ake, T45.4. Iyi si nkhani ya mabilu yokha. Iron wochuluka amapha mwana, ndipo amanyenga: mwana amasanza, kenako amaoneka ngati wachira kwa maola angapo chiwindi chikuwonongeka. Kalaliki wa pa khomo akamva mayi akunena kuti mwana wameza mapiritsi a magazi, asiye fomu, aitane dokotala.

Vitamini K ali pa T45.7, nicotinic acid (mtundu wa vitamini B3) ali pa T46.7. Pa mapiritsi osakaniza zinthu zambiri, dokotala anene chimene chavulaza. Musangowerenga dzina lalikulu la pa botolo.

Akabweza kuti zoyeza sizikugwirizana ndi matenda

Claim ili ndi bilu ya kuyeza chiwindi, impso, calcium, mwinanso kujambula impso, koma matenda olembedwa ndi F55 yokha. Wowerenga ku medical aid saona chifukwa chake munthu wa chizolowezi chomwa mavitamini anajambulidwa impso, ndiye amadula. Choyezedwa chilichonse chikhale ndi code imene ikuchifotokoza. Miyala ya mu impso ndi N20.0, kusokonekera kwa calcium ndi E83.5, chiwindi chowonongeka ndi mankhwala chili pa K71, mitsempha yowonongeka ndi mankhwala ndi G62.0. Zonsezi zilembedwe pokhapokha dokotala atazipeza n'kuzilemba.

Nanga ngati zotsatira sizinabwere? Kiliniki yaing'ono imatumiza magazi kwina kuti akayeze mlingo wa vitamini D, ndipo yankho limachedwa. M'fayilo dokotala walemba dzina la matenda n'kuika chizindikiro chofunsa kutsogolo kwake. Ine malangizo anga ndi akuti musathamangire. Ngati nthawi yotumizira claim ikadalipo, dikirani zotsatira. Ngati yatha, lembani zimene wodwala anabwera nazo ndipo zikudziwika: mutu R51, kusanza R11, dzanzi R20.2. Makamaka F55 musaiike pa munthu chifukwa cha chizindikiro chofunsa, chifukwa kuichotsa m'mbiri yake n'kovuta kuposa kuilowetsa.

Dzanzi la m'mapazi ndilo lofunika kusamala nalo kwambiri kuno kwathu. Anthu ambiri akumwa isoniazid, wa TB kapena woteteza ku TB, ndipo isoniazid amawononga mitsempha pochepetsa B6, n'chifukwa chake amaperekedwa pamodzi ndi pyridoxine, amene ndi B6 yemweyo. Munthu akamva dzanzi amaganiza kuti B6 wachepa, n'kukagula wina ku famase n'kuwonjezera, kenako wina. Tsopano dzanzi lomwelo lingachokere ku kuchepa kwa B6, ku kuchuluka kwake, ku shuga kapena ku mowa. Wolemba mabilu sangathe kusankha pamenepa. Safunsa anadya phula. Tengani fayilo, mukagogode kwa dokotala.

Kanthu kena kongodziwa: biotin, amene ali m'mapiritsi ambiri a tsitsi ndi zikhadabo, amasokoneza zoyeza zina za mu labu, makamaka za chithokomiro. Ngati dokotala wabwereza kuyeza wodwala atasiya biotin, chifukwa chobwerezeracho chilembedwe, apo ayi aziona ngati mwalipiritsa kawiri chinthu chimodzi.

Akabweza kuti mavitamini salipiridwa

Ma medical aid ambiri salipira mavitamini ogula popanda matenda odziwika, ndipo wowerenga wotopa akangoona liwu lakuti vitamini pa fomu amaganiza kuti wodwala akufuna kubwezeredwa ndalama ya botolo. Apa code ili bwino, chosowa ndi kalata. Dokotala alembe mizere yochepa: wodwala sakugula mavitamini, wadwala nawo, anabwera ndi zakutizakuti, tinapeza zakutizakuti, tinamuthandiza motere. Muphatikize zotsatira za labu. Onaninso kuti pa bilu yomweyo famase ya kiliniki sinawonjezere multivitamin mwachizolowezi, monga zimachitikira m'malo ambiri kuti aliyense wotuluka azinyamula kapaketi kake. Claim yonena kuti munthu wadwala ndi mavitamini, pansi pake n'kumulipiritsa mavitamini, imabwerera ndipo ili ndi chifukwa chobwerera.

Pali nthawi zina pamene kukanako kuli kolondola malinga ndi pangano la wodwalayo. Mapangano ena salipira kudzivulaza mwadala kapena kugwiritsa ntchito mankhwala molakwika, ndipo X64 kapena F55 ingagwere pamenepo. Apa m'pamene mayesero amabwera: wodwala ndi munthu wodziwika, mwina mumapemphera naye, akuti "achimwene, ingolembani malungo". Musalembe. Chimenecho ndi chinyengo, ndipo akabwera kudzafufuza mafayilo, dzina limene lili pa fomu ndi la kiliniki ndi la dokotala amene ali m'kaundula wa Medical Council of Malawi. Kuwonjezera apo, dokotala wina wodzamuona munthuyu m'tsogolo adzawerenga malungo pamene panali chiwindi chovulala. Chimene mungachite mwachilungamo n'kuwerenga panganolo bwinobwino, chifukwa mawu akuti kugwiritsa ntchito mankhwala molakwika nthawi zina amanena za mowa ndi mankhwala ozunguza bongo okha, ndipo F55 si ya gulu limenelo. Ngati zili choncho, kalata yodandaula inene zimenezo momveka. X64 nayo isalembedwe mongoganizira: popanda mawu a dokotala onena za cholinga, kalaliki alibe mphamvu yonena kuti munthu anafuna kudzipha.

Wodwala akakana chilembo cha F

Tili mu mzinda umene dzina lake anthu a m'maboma ena amalitchula akafuna kunena chipatala cha anthu odwala maganizo. Mphunzitsi wa ku yunivesite ku Chirunga kapena wapolisi akaona F55 pa bilu yake, n'kufufuza pa foni, n'kupeza kuti mutu wonse wa F ndi wa matenda a maganizo ndi khalidwe, amabwerera ku desiki atakwiya: "Mukundiyesa wa ku Mental?" Mantha ake si achabe, makamaka ngati medical aid yake imadutsa ku ntchito.

Musakangane naye pa mzere anthu akumva. Mulowetseni m'chipinda, dokotala amufotokozere kuti mutu wa F ndi waukulu, muli kusowa tulo, kusuta fodya, chibwibwi. Kenako dokotala yemweyo ayang'anenso ngati F55 ikumuyeneradi, chifukwa kawirikawiri simuyenera. Munthu amene anauzidwa ndi mnzake wa pa WhatsApp kuti vitamini D amateteza ku matenda onse, n'kumwa kwa miyezi, koma atangouzidwa kuti asiye anasiya tsiku lomwelo, alibe chizolowezi chokana kuletsedwa. Anangosocheretsedwa. E67.3 yokha ikumukwanira.

Zimene ziyenera kupezeka m'fayilo musanatsegule buku

Ma claim ambiri a mtundu umenewu amafera pa mzere umodzi wa dokotala wakuti "taking a lot of vitamins". Mzere umenewu sungabereke code. Pakufunika dzina la chimene akumwa, mphamvu ya piritsi limodzi, angati pa tsiku, kuyambira liti, anamulembera ndani, ndiponso ngati anauzidwapo kuti asiye. Njira yachidule n'kumuuza wodwala abweretse mabotolo onse, kuphatikizapo aja ogula kwa anzake a ku ofesi ogulitsa zopatsa thanzi, ma tonic, ndi ufa wa ku jimu, chifukwa vitamini mmodzi yemweyo amapezeka m'mabotolo atatu munthu osadziwa. Botolo lopanda chizindikiro chomveka kapena lokayikitsa, dokotala kapena wa famase angathe kukalinena ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority.

Manambala amathandiza kalata yodandaula kukhala ndi mano. Malire amene amatchulidwa kawirikawiri kwa munthu wamkulu pa tsiku ndi 10,000 IU a vitamini A wa mtundu wa retinol, 4,000 IU a vitamini D, ndi 2,000 mg a vitamini C. Pa B6 a ku America amati 100 mg, koma a ku Ulaya anatsitsa malire awo kufika pa 12 mg mu 2023. Samalani ndi miyeso: mabotolo ena amalemba vitamini D mu microgram, ndipo microgram imodzi ndi 40 IU, kotero 100 microgram ndi 4,000 IU. Kupyola malire amenewa pakokha si matenda, chifukwa dokotala amatha kulemba mlingo waukulu mwadala kwa munthu amene vitamini wamuchepera.

Tiyerekeze mayi wa ku Matawale amene dokotala anamulembera kapisozi wa vitamini D wa 50,000 IU kamodzi pa sabata. Mayiwo sanamvetse, amamwa tsiku lililonse, mankhwala akatha n'kukagula ena okha, mpaka miyezi itatu. Abwera akusanza, ali ndi ludzu, calcium wakwera. Patsogolo ndi E67.3, chifukwa kunali kumwa mopitirira kwa nthawi yaitali. Ngati dokotala walemba za calcium payokha, E83.5 itsatire. Y57.7 siyenera, chifukwa sanamwe monga anauzidwira. F55 siyeneranso, chifukwa sanakane malangizo, sanawamve bwino chabe. Mayi omwewo akabweranso patapita miyezi isanu ndi umodzi, atauzidwa kawiri kuti asiye, koma akumwabe ati akasiya mafupa amawawawa, dokotala n'kulemba zimenezo m'fayilo ndi m'buku lawo la kuchipatala, pamenepo F55 ilowe pansi pa E67.3, kapena F55.4 ngati medical aid yawo ikugwiritsa ntchito ndandanda wogawidwa.